Munali: Mbiri ya Sukulu ndi Tanthauzo la Kupambana Mayeso

Munthu amene acoka pakati pa mzinda wa Lusaka natsata mseu waukulu wa Great East, wopita ku Chongwe, ku Nyimba mpaka ku Chipata, amadutsa pafupi ndi sukulu ya sekondale ya Munali. Ambiri amadutsa osaceuka, pakuti masiku ano Lusaka ali ndi masukulu oculuka, ndipo Munali ingooneka ngati imodzi mwa iwo. Koma inalipo nthawi imene mnyamata wacikuda wa m'dziko lino, kaya wa ku Mongu, kaya wa ku Chinsali kapena ku Lundazi, akafuna maphunziro opitirira Sitandade 6 m'sukulu ya boma, analibe khomo lina logogoda koma ili lokha. Lero tikamba za ciyambi ca sukuluyi, za anthu amene inawaumba, ndiponso za funso limene makolo amafunsa caka ndi caka zotsatira za mayeso zikatuluka: kodi cimene cimacititsa sukulu kupambana n'ciyani?

Kuti timvetse bwino, tiyenera kuyamba tabwerera m'mbuyo. Mpaka caka ca 1924 dziko lino, limene panthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia, linali m'manja mwa kampani ya British South Africa. Kampaniyo inali kukhometsa msonkho, koma za maphunziro a anthu akuda inazisiyira amishoni. Sukulu imodzi yokha, Barotse National School, yotsegulidwa mu 1907, ndiyo inayendetsedwa ndi ndalama za msonkho. Boma la Britain litatenga ulamuliro, mu 1925 linakhazikitsa cigawo coyang'anira maphunziro a anthu akuda, ndipo mkulu wake woyamba anali Geoffrey Latham. Nzeru imene inali kutsatidwa m'zaka zimenezo inali yakuti mwana wa m'mudzi aphunzire kuwerenga, kulemba, masamu pang'ono, ukhondo, ulimi ndi nchito zamanja, kenaka abwerere kumudzi. Nzeruyi siinali yoipa yonse, cifukwa ulimi ndi ukalipentala ndi nchito zolemekezeka. Kuipa kwake kunali pakuti inaika denga pamutu pa mwana aliyense, wanzeru ndi wopanda nzeru yemwe. Azungu ambiri okhala m'mbali mwa njanji ndi a ku migodi sanafune kuti pakhale anthu akuda ophunzira kwambiri, poopa kuti adzalimbirana nawo nchito.

Komabe boma lenilenilo linayamba kusowa makalaliki, aphunzitsi ndi othandiza m'zipatala odziwa bwino Cingelezi ndi masamu. Motero mu 1939, patapita zaka zinayi cisamutsire likulu la dziko kucoka ku Livingstone kudza ku Lusaka, kalasi ya sekondale inatsegulidwa pa malo ophunzitsirapo nchito zamanja ochedwa Munali Training Centre. Anyamata oyamba anali 11 cabe. Taganizirani zimenezo: dziko lalikulu cotere, anyamata okwanira timu imodzi ya mpira popanda ngakhale mmodzi wodikira panja. Dzina lakuti Munali ndi limene anthu a kuno anapatsa David Livingstone, ndipo ndilo dzinanso la mapiri amene mumakwera mukaoloka Kafue popita ku Mazabuka.

Mu 1941 kunafika mnyamata wocokera ku mishoni ya Lubwa ku Chinsali, dzina lake Kenneth Kaunda. Anakhala pa Munali mpaka 1943, pamene anabwerera ku Lubwa kukaphunzitsa. Panthawiyo sukuluyi inali kupereka maphunziro a zaka ziwiri zokha, Fomu 1 ndi Fomu 2. Makalasi apamwamba anawonjezedwa pang'onopang'ono, kufikira anyamata anayamba kulemba mayeso a Cambridge School Certificate, amene mafunso ake anali kukonzedwa ku England ndipo mapepala anali kutumizidwa komweko kukaongedwa. M'zaka za m'ma 1950 sukuluyi inali itasamukira pa malo amene ilipo tsopano, ndipo inatsegulanso Fomu 6, yokonzekeretsa ophunzira kulowa m'mayunivesite a kunja. Akuluakulu amene anaphunzira m'zaka zimenezo sakamba za Munali popanda kuchula mahedimasitala awiri, Clifford Little ndi Hedley Roberts.

Tisaiwale kuti amishoni nawonso sanagone. Sukulu ya atsikana ya Chipembi inayamba makalasi a sekondale mu 1946, ndipo ansembe a Cikatolika anatsegula Canisius ku Chikuni mu 1949. Koma Munali inali ndi cinthu cimene enawa analibe: siinali ya mpingo umodzi kapena ya cigawo cimodzi. Mlozi anali kugona m'cipinda cimodzi ndi Mbemba, Mtonga anali kudya mbale imodzi ndi Mngoni, wa Katolika anali kukangana za masamu ndi wa Dutch Reformed. Cilankhulo cowagwirizanitsa cinali Cingelezi, ndipo nkhani yowagwirizanitsa, makamaka Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citakhazikitsidwa mu 1953, inali ya ufulu wa dziko lawo. Atsamunda anamanga sukuluyi kuti apeze makalaliki. Anapeza anthu amene anadzawalanda mipando.

Onani nduna za boma loyamba la Zambia mu Okutobala 1964. Mtsogoleri wa dziko, Kenneth Kaunda, anali wa ku Munali. Arthur Wina, nduna ya zacuma, Mainza Chona, nduna ya za m'dziko, Elijah Mudenda, nduna ya zaulimi, ndi John Mwanakatwe, nduna ya zamaphunziro, onsewa anadzera pa Munali, pamodzi ndi Sikota Wina, Grey Zulu ndi Peter Matoka. A Mwanakatwe anabwereranso kudzaphunzitsa pa sukulu yomweyo atalandira digiri yawo. A Chona ndi a Mudenda anadzakhala nduna zazikulu m'zaka za m'ma 1970. Lameck Goma, amene mu 1969 anakhala Mzambia woyamba kutsogolera Yunivesite ya Zambia, anali wa ku Munali, monganso Rupiah Banda, mtsogoleri wa dziko kuyambira 2008 mpaka 2011. Maina awa ndi aulemu, ndipo sukuluyi iyenera kuwanyadira. Koma mndandanda womwewu uli ndi mbali ina yomvetsa cisoni. Ngati nduna zambiri cotere zinacokera pa sukulu imodzi, cifukwa cake n'cakuti masukulu ena anali owerengeka. Pa tsiku la ufulu, Azambia a digiri ya ku yunivesite anali pafupifupi 100, ndipo amene anatsiriza sekondale ndi kulandira setifiketi anali pafupifupi 1,200. Nthawi yomweyo ana a Azungu mu Lusaka anali ndi masukulu awoawo, Gilbert Rennie ya anyamata ndi Jean Rennie ya atsikana, amene lero timawadziwa ndi dzina la Kabulonga.

Tsopano tifike pa nkhani ya kupambana mayeso, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Kawirikawiri mumamva wina akudandaula kuti masukulu a boma a masiku ano safika pa Munali yakale, ndipo mlandu amaupereka kwa aphunzitsi kapena kwa ana. Tiyeni tiunike bwino mmene zinthu zinalili.

Mnyamata wolowa Munali m'zaka za m'ma 1940 anali atasefedwa kale kangapo, monga ufa wopita m'sefa zitatu. Ana ambiri a m'midzi sanali kulowa sukulu n'komwe. Mwa olowawo, oculuka anali kulekera m'makalasi oyamba, cifukwa sukulu ya m'mudzi inali kuthera pomwepo, ndipo yapamwamba inali ku mishoni, kutali, yofuna ndalama. Amene anapirira mpaka Sitandade 6 anali owerengeka, ndipo mwa owerengekawo boma linali kusankha amene anaposa anzawo m'dziko lonse. Mlimi amene asankha mbewu zokhwima zokhazokha m'nkhokwe za mudzi wonse nazibzala pa culu, sitidabwa akakolola zambiri. Conco mbali yaikulu ya kupambana kwa Munali inali itacitika mwana asanaponde pa cipata ca sukulu.

Sitikunena kuti sukuluyo siinacite kanthu, iai. Ophunzira onse anali kugona pompo, ndiye kuti madzulo aliwonse inalipo nthawi yowerenga moyang'aniridwa, pansi pa nyale, popanda kutumidwa kumsika kapena kukatunga madzi. Makalasi anali aang'ono, kotero kuti mphunzitsi anali kutha kuwerenga cimangirizo ca mwana aliyense ndi kulemba ndemanga m'mphepete. Mabuku analipo okwanira, zipangizo za sayansi zinalipo. Ndiponso mnyamata aliyense anali kudziwa kuti mudzi wonse ukumuyang'ana, ndi kuti setifiketi ya Cambridge idzasintha moyo wa banja lake lonse. Ambiri a iwo anali acikulire kuposa ana a sekondale a lero, ena ndevu zitayamba kale kumera, cifukwa anali kuyamba sukulu mocedwa. Munthu wotere safuna kukumbutsidwa kuti awerenge.

Ufulu utabwera, boma latsopano linasankha njira ina, ndipo m'maganizo athu linasankha bwino. M'malo mosunga masukulu owerengeka a ana osankhidwa, linayamba kumanga masukulu a sekondale m'maboma onse. Ophunzira a sekondale, amene anali pafupifupi 14,000 mu 1964, anaposa 50,000 pofika 1970. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo popeza inali kulandira ophunzira ocokera mu Fomu 5, Fomu 6 inathetsedwa. Mwana wanzeru wa ku Petauke sanafunikirenso kukwera lole masiku awiri kupita ku Lusaka. Sukulu inamtsata kwao. Munali inataya mwai wake wosankha m'dziko lonse, ndipo kutaya kumeneku kunali phindu la mtundu.

Kenaka anadza mabvuto a cuma. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, mafuta a galimoto anakwera, ndipo ndalama zogulira mabuku, mankhwala a m'malabolatale ndi zokonzera nyumba zinacepa. Ciwerengero ca anthu a mu Lusaka cinali kukula mofulumira, makalasi anadzaza, ndipo aphunzitsi ena odziwa nchito anapita kukafuna malipiro abwino ku Botswana ndi maiko ena. Zimenezi zinagwera masukulu onse a boma, Munali pamodzi. M'zaka za m'ma 1980 maina a Fomu analowedwa m'malo ndi Giredi 8 mpaka Giredi 12, ndipo nchito ya mayeso inacoka m'manja mwa Cambridge n'kupatsidwa ku bungwe lathu la Examinations Council of Zambia, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1983. Dongosolo latsopano la maphunziro limene linayamba mu 2025 labwezanso dzina la Fomu, kotero agogo ndi adzukulu ayambanso kumvana.

Makolo amene mukumvetsera, m'pofunika kudziwa mmene zotsatira za mayeso otsiriza sekondale zimawerengedwera. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndiyo yapamwamba kopambana, 9 ndiko kulephera. Posankha olowa m'makoleji ndi m'mayunivesite amaphatikiza manambala a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, ndiye cifukwa cake mumamva kuti wakuti wapeza mapointi 6: ameneyo wakhoza ndi nambala 1 m'maphunziro onse asanu ndi limodzi. Sukulu ikalengeza kuti ana ake pafupifupi onse apambana, funsani mafunso ena awiri kapena atatu. Kodi anawo analowa ndi malikisi otani? Kodi onse amene anayamba ndiwo analemba mayeso, kapena ofooka anacotsedwa panjira? Ndipo mwa opambanawo, ndi angati amene anakhoza bwino masamu ndi sayansi, osati kungodutsa pa mzere? Sukulu imene ilandira ana a nzeru zapakati, ocokera m'makomboni, oyenda pansi m'mawa ndi njala, niwafikitsa pa setifiketi yabwino, yagwira nchito yaikulu kuposa imene ilandira akatswiri okhaokha niwatulutsa ali akatswiri. Tsoka lake n'lakuti nchito yotere siioneka m'nyuzipepala.

Lero pa malo a Munali pali masukulu awiri, ya anyamata ndi ya atsikana. Ici cokha ndi cinthu cimene oyambitsa a mu 1939 sanaciganizire, pakuti kwa iwo sekondale ya boma inali nkhani ya amuna. Palinso cigawo ca maphunziro apadera, kumene ana osamva ndi ana osaona amaphunzira, ena m'cilankhulo ca manja, ena mwa zilembo za Braille, nalemba mayeso a dziko lonse monga anzawo. Kuyambira mu 2022, pamene boma linacotsa malipiro m'masukulu ake onse mpaka kumapeto kwa sekondale, ana ambiri amene anali atakhala panyumba anabwerera m'makalasi m'dziko lonse, ndipo funso la madesiki, mabuku ndi ciwerengero ca aphunzitsi labukanso mwamphamvu. Dera lonse lozungulira sukuluyi, limene limasankha phungu wake wa ku Nyumba ya Malamulo, limachedwanso Munali, ndipo Yunivesite ya Zambia, imene mtsogoleri wake woyamba wa Cizambia anaphunzira pa sukulu imeneyi, ili m'mbali mwa mseu womwewo, mtunda woyenda pansi.