MADYERERO A UKWATI PA GOMBE LA NYANJA

Mwambo watsopano uli kufala pakati pa anthu ophunzira a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Mnyamata ndi namwali akadalitsa ukwati wao m'chalichi, kapena akaulembetsa ku ofesi ya D.C., ena sapitanso ku holo ya mpingo kapena ya sukulu monga ankachitira akulu ao, koma amatenga alendo ao ulendo wa kunyanja kukachitira madyerero pamchenga. Ku Senga Bay m'boma la Salima, ku Nkopola ndi ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, ndiponso ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay, eni mahotela amamanga mahema oyera pagombe, nandandalika mipando moyang'ana madzi. Munthu amene anaonapo mkwatibwi ali chiriri pamchenga, nyanja iri phee kumbuyo kwache, sangakane kuti n'zokongola. Komatu kalaliki kapena mphunzitsi, amene malipiro ache ali odziwika, ayenera kuyamba wafunsa mafunso awiri: kodi madyerero otere adzadya ndalama zingati, ndipo ndani mwa abale adzatsale kumudzi pamene magalimoto ali kunyamuka?

KALE MAHOTELA ANALI A ENA

Kwa Anyanja, Ayao, Atonga ndi Ankhonde okhala m'mbali mwache, nyanja ndiyo munda ndi mseu kuyambira makedzana. Zakupita pagombe kukangocheza ndi kupuma zinadza ndi Azungu. Njanji itafika ku Salima m'chaka cha 1935, ulendo wochokera ku Blantyre unafupika, ndipo m'chaka cha 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinayamba kuima ku Cape Maclear pa ulendo wao wa pakati pa England ndi South Africa, ngakhale zinaleka chaka chotsatira. M'masiku amenewo mwini dziko kawirikawiri ankalowa m'hotela ya kunyanja monga wophika kapena woperekera zakudya, osati monga mlendo.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964 zinthu zinasintha pang'onopang'ono, miseu ya tara inafika kunyanja, ndipo lero mdzukulu wa woperekera zakudya uja akhoza kubwereka gombe lomwelo kuti achitirepo ukwati wache. Ichi n'chinthu chonyaditsa, ndiponso chopindulitsa, pakuti ndalama imene Mmalawi aiononga ku Mangochi kapena ku Salima itsala m'dziko momwe muno, nilipira ophika, oimba, ojambula zithunzi ndi asodzi. Chotero mlandu suli pa nyanja ai. Nkhani yagona pa kachitidwe.

UKWATI NDI WA MABANJA AWIRI

Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 limabvomereza ukwati wolembetsa ku Boma, wa chipembedzo, wa mwambo, ndiponso wa anthu amene akhalira pamodzi nthawi yaitali monga banja, ndipo linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira. Lamuloli silikakamiza munthu kuchita madyerero. Madyerero ndi a mwambo, ndipo mwambowo uli ndi cholinga chache.

Pachinkhoswe, akuchimuna ndi akuchikazi amapatsana tambala ndi msoti, nadya pamodzi, kusonyeza kuti mabanja awiri asanduka amodzi. Ankhoswe amene aimirira tsiku limenelo ndiwo adzathamangiridwa usiku pamene m'nyumba mwabuka ndeu, pamene mwana wadwala kwakayakaya, kapena pamene pagwa maliro. Tsono madyerero a tsiku la ukwati ndiwo nthawi imene azakhali, amalume, agogo ndi anansi amaonera ndi maso ao kuti mwana wao watengedwa mwaulemu, ndipo podya nsima ya tsikulo amasenza udindo wa kusamala banjalo. Munthu amene sanaitanidwe kumadyerero amabwera mozengereza tsiku la mabvuto.

Apa ndipo pamene mtunda uli ndi kanthu. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Senga Bay pali makilomita oposa 100. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Mangochi pali pafupifupi makilomita 190, ndipo mahotela ali patsogolo pache. Mwachitsanzo, mphunzitsi wogwira nchito ku Lilongwe, kwao kuli ku Mchinji, ndipo mkazi wache ndi wa ku Dedza. Madyerero akakhala mumzinda, abale a mbali zonse akwera basi m'mamawa, nagona kwa achibale, opanda kulipira malo. Akakhala kunyanja, amene adzafike ndi okhawo ali ndi galimoto yaoyao ndi ndalama ya chipinda, ndiye kuti anzao a kuofesi. Gogo amene analera mkwatibwi angodzaona zithunzi pa foni ya mdzukulu wina. Palibe amene wampirikitsa, koma mtunda wamsankha.

CHIWERENGERO CHA PEREKANIPEREKANI

Anthu ambiri saganizira kuti ukwati wa m'holo umadzilipira wokha mbali yina. Woyendetsa mwambo amaitana magulu limodzilimodzi, akuchimuna, akuchikazi, a kumpingo, a kunchito, anzao a kusukulu, ndipo gulu liri lonse limabwera chobvina, likuponya ndalama m'lichero. Osintha ndalama amakhala pa tebulo pao kuphwanya zikuluzikulu kuti munthu aponye kambirimbiri. Pambuyo pache keke imagulitsidwa chidutswachidutswa. Mphamvu ya perekaniperekani iri m'kuchuluka kwa anthu, ndipo m'holo munthu wowonjezereka sawonjeza kwambiri mtengo, chifukwa ambiri amalandira chakumwa ndi kachakudya kochepa basi.

Kuhotela ya kunyanja chiwerengero chimatembenuka. Kumeneko mtengo amawerengera pa mutu uli wonse, kotero kuti mlendo ali yense ndi mbale yolipiridwa. Eni ukwati akakamizika kuchepetsa oitanidwa ndi kuika mlonda pachipata woona makadi. Pamwamba pa mbalezo pali mtengo wa malo, mahema, zokuzira mau, mafuta a magalimoto ndi zipinda za operekeza. Alendo nao afika matumba atapepuka kale chifukwa cha ulendo. Chotero zolipira zikwera pamene oponya m'lichero achepa.

Kuonjeza apo, mitengo siikhala malo amodzi. M'mwezi wa November chaka cha 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo komiti iri yonse ya ukwati imene inali itawerengera kale zogula inaona chiwerengero chache chitasokonekera. Malipiro a mphunzitsi sakwera msanga chomwecho. Chotsatira chache ndi ngongole ya ku banki yodulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi, kapena katapila amene ali woipa koposa. Banja limene liyamba ndi ngongole ya zaka ziwiri chifukwa cha madzulo amodzi lidzakumbukira mau a akulu akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

NYANJA IRI NDI NYENGO ZACHE

Amene wawerenga bwino thumba lache, naona kuti akhoza, ayenera kufunsanso asodzi za tsiku, pakuti nyanja simvera kalendala ya komiti. Kuyambira mwezi wa May kufikira August kumaomba mwera wochokera kumwera chakum'mawa, umene umautsa mafunde akulu, kugwetsa mahema ndi kuthira mchenga m'zakudya. Mphepo yoopsa ya nyengo imeneyi ndiyo inamiza sitima ya Vipya m'mwezi wa July chaka cha 1946, ndipo anthu 145 anafa. Chifukwa chache mwambo wokweza akwati ndi operekeza m'boti kuti akajambulidwe pakati pa madzi uyenera kuchitika pokhapokha mwini boti wabvomereza kuti nyanja iri bwino, anthu osapitirira muyeso, ndipo ali yense atabvala chobvala choyandamitsa.

M'miyezi ya September ndi October nyanja imakhala bata masiku ambiri, koma dzuwa la kugombe limatentha kwambiri, kotero kuti okalamba ndi ana afunika mthunzi ndi madzi akumwa okwanira. Mvula ikayamba pamabwera mpoto ndi mabingu, ndipo madzi amakwerabe kufikira cha m'ma April kapena May. M'chaka cha 2024 anakwera kotero kuti analowa m'mahotela ndi m'nyumba za anthu ku Mangochi, ku Salima ndi m'malo ena, ndipo mchenga umene anthu ankayalapo mipando unamira. Munthu wolipira malo miyezi yambiri tsiku lisanafike achita bwino kupangana ndi mwini malowo polemba, kuti ngati gombe lamira kapena mphepo yabvuta, madyerero adzalowa m'nyumba iti, ndipo ndalama idzabwezedwa motani.

Pali kanthu kenanso kamene ofuna zithunzi amaiwala. Gombe lalikulu la Malawi liri kumadzulo kwa nyanja, motero ku Senga Bay ndi ku Chintheche dzuwa limatuluka pamadzi m'mawa, nililowa kumtunda madzulo. Ofuna kuliona likulowa pamadzi ayenera kupita malo onga Cape Maclear. Ndipo popeza mdima umagwa msanga nthawi ya 6 koloko ikakwana, madyerero ochedwa kutha amaika alendo pa mseu usiku, ena atamwa mowa, pakati pa njinga, mbuzi ndi ng'ombe. Kusambira usiku nako n'koopsa, makamaka pafupi ndi bango ndi pamathiriro a mitsinje pamene pamakhala ng'ona ndi mvuu. M'madzi osayenda a m'malo ena muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo wosambira kumeneko achita bwino kukaonana ndi a chipatala pambuyo pache.

GOMBE LIRI NDI ENI ACHE

Mlendo wa tsiku limodzi asaiwale kuti pamene iye aona malo a chisangalalo, ena aona malo a nchito. Pagombe ndi pamene asodzi amakokera makoka ndi kukocheza mabwato, pamene usipa ndi utaka zimayanikidwa, ndiponso pamene amai amachapa ndi kutunga madzi. Kudandaula kwa anthu a m'midzi ya kunyanja kuti mipanda ya mahotela ndi nyumba za olemera iri kuwatsekera njira ya kumadzi si kwachilendo. Ukwati umene ubwera ndi zokuzira mau zobangula mpaka mbandakucha, nusiya mabotolo osweka ndi mapepala a pulasitiki pamchenga pamene ana amayenda opanda nsapato, uonjeza chidandaulo chimenechi. Ngati malo ali pafupi ndi mudzi, ulemu ufuna kuti ankhoswe akaonekere kwa mfumu tsiku lisanafike.

Ku Cape Maclear kuli chifukwa china chosamalira. Dera limenelo liri m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Ndiponso ophika akumbukire kuti m'miyezi ya November ndi December makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane. Komiti yoitanitsa chambo chambiri m'nyengo imeneyo ikhoza kukhala ikulipira munthu woswa lamulo.

Za ukhondo siziyenera kusiyidwa kwa mwai. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa March chaka cha 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Khamu la anthu pamalo opanda zimbudzi zokwanira, madzi otetezedwa ndi sopo, ndi ngozi kwa alendo ndi kwa eni mudzi omwe.

NJIRA ZIMENE ZILIPO

Kwa iwo amene kwao ndi ku Nkhotakota, ku Monkey Bay kapena ku Karonga, funso lonseli ndi lopepuka, pakuti madyerero a pagombe ndi madyerero a pakhomo, ndipo mudzi wonse ufika ndi miyendo. Kwa ochokera kumtunda pali njira ziwiri zoyenera kuziganizira. Yoyamba ndiyo kuchita chinkhoswe ndi madyerero akulu kumudzi kapena m'holo, kumene ali yense akhoza kufika ndi kubvina, ndipo akwati apite kunyanja pambuyo pache, awiriwiri kapena ndi abwenzi owerengeka, kukapuma ndi kujambulitsa. Yachiwiri, kwa amene mtima wao wakhazikika pa gombe, ndiyo kusankha malo apafupi ndi kwao kwa mmodzi wa akwati, kuyamba mwambo usana, ndi kutsiriza dzuwa likali m'mwamba kuti onse abwerere kukuoneka.

M'njira yachiwiriyi dongosolo la chiwerengero ndilo lisonyeza mtima wa eni ukwati. Makomiti ambiri amayamba kulemba mtengo wa maluwa, wa keke ndi wa wojambula, ndipo za ulendo wa abale zimadza kumapeto ndalama zitatha. Mzere woyamba pa pepalalo uyenera kukhala basi yonyamula ankhoswe, alangizi, makolo ndi agogo a mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi chakudya chao ndi pogona pao. Ndalama yotsala ndiyo igule zokongoletsa. Ngati basiyo siikwanika, chimenecho ndi chizindikiro chokwanira kuti madyerero ayenera kuchitikira kumene abalewo ali, ndipo nyanja idzawadikira akwatiwo pa tchuti cha chaka chamawa.