Za Laputopu ya ku Kaporo Imene Inkagona Osadzuka

M'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la kunyanja limalowa ngakhale pansi pa mtengo wa mango, alimi a mpunga wa Kilombero atagulitsa kale zokolola zawo, anandipeza pamalo panga pa ntchito ku Karonga mphunzitsi wina wa ku Kaporo, atakulunga laputopu yake m'chitenje. Iye anali atatuma mbale wake wamalonda, amene amaoloka Songwe kukapikula katundu ku Kyela ndi ku Mbeya, kuti akamugulire disiki yamakono yotchedwa SSD. Ndipo mnyamata wina kwawoko anachotsa disiki yakale, naikamo yatsopanoyo, nakopera zonse monga zinalili. Atakhala pansi anati: "Bambo, anandiuza kuti makinawa adzathamanga ngati mwera. Koma liwirolo sindikuliona, ndipo ndikatseka chivindikiro n'kudzatsegula, galasi lili bii, kufikira nditazimitsa mokakamiza. Kodi sanandigulitse chinthu chakufa?"

Funso limeneli ndalimva kawirikawiri, ndipo yankho langa nthawi zambiri ndi lakuti disikiyo ndi yamoyo, koma ndi mlendo amene sanalongosoledwe za pakhomo. Nkhuku yachilendo timaimanga kachingwe kumwendo masiku angapo kuti idziwe khola lake. Chomwechonso chipangizo chatsopano m'makina akale chimafuna kuchizoloweza.

Disiki yakale ija muli mbale yozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda pamwamba pake kufunafuna zolembedwa, monga singano ya galamafoni ya makolo athu. Mu SSD mulibe kanthu koyenda ngakhale kamodzi. Zonse zimasungidwa m'tizipangizo ta magetsi, chifukwa chake imatha kuwerenga pafupifupi ma megabyte 550 pa sekondi pamene yakale inkalimbana ndi 100. Koma madzi, angakhale achuluke bwanji mumtsinje wa Lufilya, amalowa m'munda molingana ndi kukula kwa ngalande. Laputopu zina zakale zimene zimafika kuno zitagwiritsidwa kale ntchito kunja zili ndi khomo la SATA II, limene silipyoza ma megabyte 300. Ya aphunzitsi athu inali yotero, ndipo pamenepa palibe mmisiri angachitepo kanthu, ngakhale kuti liwiro lomwelo ndi lokwanira ndithu kulembera mayeso ndi kusunga malikisi a ana.

Zina zitatu ndimaziyang'ana ndisananene kuti katundu ngwachinyengo. Ndimalowa mu BIOS kukaona ngati disiki ikulankhula ndi makina m'njira ya AHCI kapena m'njira yakale ya IDE. Ndipo wosintha zimenezi ayambe wauza Windows kuti idzayake mu Safe Mode, pakuti akapupuluma adzaona galasi la buluu, makina n'kukana kuyaka. Ndimaonanso ngati ikugwira ntchito TRIM, imene Windows inayamba kukhala nayo mu Windows 7 m'chaka cha 2009, ndiyo imene imauza disiki malo amene afufutidwa kuti iwasese pasadakhale. Munthu alembe fsutil behavior query DisableDeleteNotify, ndipo yankho likakhala 0, zili bwino. Chotsiriza ndi kudzaza. SSD imafuna bwalo lopetera monga mayi wopeta mpunga, ndipo ikadzaza mpaka pakamwa imayenda mokoka miyendo. Ya aphunzitsi, ya ma gigabyte 256, inali itatsala ndi malo osafika 10, chifukwa cha makanema a maukwati ndi a kwaya. Titasamutsa amenewo, inapepuka tsiku lomwelo.

Sindikana kuti achinyengo alipo, ndipo zimandiwawa mtima ndikaona munthu wolandira malipiro ochepa atagulitsidwa bokosi lokongola lolembedwa ma gigabyte ambirimbiri pamene m'kati muli kakhadi kachabechabe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo imaonetsa dzina la disiki, maola amene yagwira ntchito, ndi kutentha kwake. Disiki zambiri za SSD zimadzichepetsa liwiro zokha zikayandikira madigiri 70, chimene sichosowa kwathu kuno munthu akaika laputopu pa matiresi masana a Novembala.

Tsono nkhani ya tulo ndiyo yofunika kuidekhera, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kugona kwa kompyuta kuli pawiri. Pali Sleep, pamene ntchito imene munali kuchita imasungidwa mu RAM, makina n'kumamwa moto pang'onopang'ono monga chikuni chonyeka m'phulusa. Ndipo pali Hibernate, pamene zonsezo zimalembedwa pa disiki m'fayilo yotchedwa hiberfil.sys, moto n'kuzimiratu. Pogona, makina amalamulanso disiki kuti nayo iwodzere pofuna kusunga batire, ndipo podzuka amaiitana. Koma ngati dalaivala, pulogalamu yoitana disikiyo, ndi wakale, wotengedwa pamodzi ndi zonse pokopera kuchokera ku disiki ya mbale ija, iye amaitana m'chinenero chimene mlendoyo sachimva bwino, ndipo Windows, itadikira osayankhidwa, imangouma. Umu ndi mmene zinalili ndi laputopu ya ku Kaporo. Ndinachotsa dalaivala wakaleyo ndi kuikapo wamba wa Microsoft, wotchedwa Standard SATA AHCI Controller. Ndinaletsa disiki kuwodzera mozama. Ndinazimitsanso Fast Startup, imene inabwera ndi Windows 8 mu 2012, yomwe imachititsa kuti makina ooneka ngati azima akhale atangobisa theka la ntchito m'fayilo ija. Amene disiki yawo ndi ya mtundu wa NVMe, kaja kooneka ngati kachipande ka nsungwi, ayang'ane mu Power Options pa mawu akuti Link State Power Management, asankhe Off. Tinaigoneka laputopuyo ndi kuidzutsa kakhumi, ndipo kakhumi konse inadzuka.

Chinatsala chinthu chimodzi chimene disiki inalibe nacho mlandu. Batire ya aphunzitsi inali itatheratu, yosasunga moto ngakhale mphindi zisanu; chotero magetsi akazima makina ali mtulo, chikuni chija chinkazimira pomwepo, ndi ntchito yonse yosasungidwa n'kupita nayo. Ndinawalangiza kuti, kufikira atapeza batire ina, kutseka chivindikiro kuzitanthauza Hibernate. Pachifukwa chomwechi ndinakana kukonzanso BIOS tsiku limenelo, ngakhale kuti kutero kumachiza matenda ambiri a tulo, pakuti moto ukathima ntchitoyo ili pakati, laputopu ikhoza kusanduka njerwa yosaukanso. Ndawaonapo makina abwino atafa imfa yotere m'manja mwa anyamata achangu, ndipo safunsa anadya phula.

Polawirana, aphunzitsi anafuna kundisiyira disiki yakale ija ngati chiwongola dzanja, koma ndinaibweza m'manja mwawo, chifukwa m'menemo munali malikisi a zaka zambiri ndi zithunzi za ana awo, ndipo SSD ikafa kawirikawiri imafa mwadzidzidzi, yopanda phokoso lochenjeza limene yakale inkachita. Inunso owerenga, mukasinthitsa disiki, musalole mmisiri afufute yakaleyo kapena atsale nayo. Igulireni kabokosi ka USB, muisunge pouma, ndipo kamodzi pa mwezi muzikoperamo zonse zimene simungafune kuzitaya.