Lisiti lilipo, koma lili pati?

Mkangano wa pamalonda, kaya ndi wa wopikula ndi mwini sitolo ya holoselo ku Limbe, kaya wa mayi wa pabenchi ndi wotolera msonkho wa khonsolo, umayamba ndi funso limodzi: zinachitika liti? Amene wayankha ndi pepala m'manja, nkhani imathera pomwepo. Amene wayamba kukhuthula jumbo yodzaza mapepala okwinyika, osakanikirana ndi makadi a mayunitsi ndi timapepala ta kuchipatala, nthawi zambiri amalipira kawiri.

Amalonda ambiri sikuti amataya malisiti. Amasunga ndithu, ena m'chikwama, ena pansi pa sikelo, ena m'chitini chomwe munali mabisiketi. Pepalalo limakhalapo, koma kulipeza pamene wofunsayo waima akudikira ndiye nkhani ina. Mayi amene waoda makatoni asanu a sopo n'kupeza kuti m'katoni imodzi muli woperewera, akabwerera kusitolo patatha masiku atatu, mwini sitolo safunsa ngati akumudziwa nkhope. Amafunsa lisiti la tsikulo. Akalephera kulionetsa, phindu la katoni yonse lalowa m'madzi.

Ena amayesa kusanja mapepala potsata mtundu wake: a sopo pawokha, a shuga pawokha, a thiransipoti pawokha. Njirayi imaoneka yanzeru sabata yoyamba, kenako imatopetsa, chifukwa lisiti limodzi la kuholoselo limatha kukhala ndi sopo, shuga ndi machesi pamodzi. Lipita mulu uti? Tsiku ndiye chinthu chokhacho chimene pepala lililonse lili nacho chimodzi basi. Komanso mutu wa munthu umasunga nthawi kuposa mayina. Wamalonda amaiwala dzina la sitolo, koma saiwala kuti katunduyo anaoda masukulu atatsala pang'ono kutsegulira, kapena sabata imene kunali maliro kumudzi. Akakumbukira zimenezo, wapeza kale mwezi, ndipo mapepala oti afufuze atsala ochepa.

Chida chake n'chakalekale ndipo sichidula: kathabwa kakang'ono ndi msomali wautali wokhomedwa chozondoka, nsonga itayang'ana kumwamba. Pepala lililonse limene lalowa lero limabayidwa pamsomalipo lero lomwe. Palibe chosankha, palibe choganiza. Latsopano limakhala pamwamba, lakale pansi, ndipo ndondomeko ya masiku imadzipanga yokha. Chofunika n'kubaya pakona popanda zolemba, chifukwa bowo likadutsa pa tsiku kapena pa ndalama, lisitilo lataya mphamvu. Pamene pamadutsa ana, nsongayo ivekedwe chivindikiro cha bolopeni.

Mwezi ukatha, mulu wonse umazulidwa momwe ulili, osausokoneza, n'kumangidwa ndi mphira, n'kulowa mu envulopu yolembedwa mwezi ndi chaka ndi zilembo zazikulu. Maenvulopu 12 ndiye chaka chathunthu, ndipo amakwana m'katoni ya nsapato. Kwa amene amalipira msonkho ku Malawi Revenue Authority (MRA), n'kwabwino kuyamba katoniyo ndi Epulo n'kuitseka ndi Malichi, popeza kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi.

Vuto limabwera pa mapepala opanda tsiku, ndipo alipo ambiri. Wogulitsa nyemba pamsika wa kumudzi amangolemba ndalama pakapepala kong'amba m'kope. Woyendetsa lole amene wanyamula matumba salemba chilichonse. Apa wamalonda amadzilembera yekha asanachoke pamalopo: tsiku, katundu, ndalama, ndi dzina la amene walandira. Mwezi ulembedwe m'mawu, monga 4 Malichi, osati 4/3. Amene amaitanitsa katundu kunja amadziwa chifukwa chake. Mapepala ochokera ku China kawirikawiri amayamba ndi chaka, a ku America amayamba ndi mwezi, kotero 4/3 kwa wina ndi Malichi, kwa wina ndi Epulo.

Malisiti otuluka m'makina ndiwo amapusitsa anthu kwambiri. Kuyambira pamene MRA inakhazikitsa makina a EFD m'chaka cha 2014, masitolo olembetsa msonkho wa VAT amapereka timalisiti tosalala tija. Pepala lake silidindidwa ndi inki. Lili ndi mankhwala amene amada akatenthedwa ndi makinawo, ndiye chifukwa chake dzuwa, kutentha ndi mafuta zimaliwononga msanga. Lisiti losiyidwa pawindo la minibasi kapena pafupi ndi chiwaya cha tchipisi limatha kuyera mbee kapena kuda bii. Selotepi nayo imafufuta zilembo pamene yadutsa, ndipo amene amayesa kulimata m'pulasitiki ya moto ija amatulutsa pepala lakuda lokhalokha. Munthu amatsegula envulopu ya miyezi isanu ndi umodzi yapitayo n'kupeza kuti wakhala akusunga mapepala opanda kanthu. Choncho lisiti la katundu wodula, monga firiji, foni kapena makina osokera, lijambulidwe pafoni kapena lichitidwe fotokope sabata yomweyo. Ngati zimenezo sizitheka, nambala yake, tsiku ndi ndalama zilembedwe ndi bolopeni m'kope.

Kopelo ndi mnzake wa msomali. Masiku ano ndalama zambiri zikudutsa pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo umboni wake ndi uthenga wa pafoni wokhala ndi nambala ya ntchitoyo. Uthenga subayidwa pamsomali. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo mafoni a mabatani akadzaza, mwini wake amafufuta mauthenga akale kuti atsopano alowe. Wamalonda wochenjera amakopera nambalayo m'kope pansi pa tsiku lake, makamaka pa ndalama zikuluzikulu zotumizira wogulitsa wakutali amene sanaonane naye maso ndi maso. Ndalama ikasochera, a kampani ya foni amafunsa nambala yomweyo, tsiku ndi nthawi.

Amene amaoda katundu kunja kwa dziko, kudzera pa Songwe, Mchinji, Dedza kapena Mwanza, ali ndi pepala lina losayenera kufulumira kulowa mu envulopu. Chikalata chosonyeza kuti katundu walipiridwa msonkho pachipata chimayenda ndi katunduyo, chifukwa a MRA olimbana ndi kuzembetsa amaimitsa magalimoto ngakhale kutali ndi malire. Chikhale pafupi mpaka belo yomaliza kapena katoni yomaliza ya ulendowo itagulidwa, kenako chipite mu envulopu ya mwezi umene katunduyo analowa m'dziko. Amene amapita kawirikawiri amakhala ndi katundu wa maulendo awiri kapena atatu pabenchi imodzi, ndiye kulemba tsiku la ulendo pakatoni pomwepo kumathandiza kudziwa kuti pepala ili ndi la katundu uti.

Pali gulu lina la mapepala limene tsiku lake lofunika lili kutsogolo. Laisensi ya bizinesi yochokera kukhonsolo, umboni woti sikelo inayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, pangano la lendi ya shopu, ndondomeko yobwezera ngongole, inshulansi ya njinga yamoto ya kabaza: onsewa amatha mphamvu kapena amafuna ndalama pa tsiku linalake. Akabayidwa pamsomali amakwiririka, ndipo mwini wake amawakumbukira pamene a khonsolo afika kale pakhomo. Awa amakhala m'faelo yawoyawo, osanjidwa potsata tsiku lotha, lotsala pang'ono kutha pamwamba. Tsikulo lizunguliridwenso pakalendala ya pakhoma, ndi chizindikiro china milungu iwiri lisanafike, kuti ndalama yake iyambe kupatulidwa mpamba usanakhudzidwe.

Ogulitsa chimanga, nyemba kapena zolembera kusukulu ndi kumabungwe asaiwale chikalata cha withholding tax. Wogulayo akadula msonkho pa malipiro, amayenera kupereka chikalata chosonyeza ndalama imene wadula. Chikalatacho ndi ndalama, chifukwa ndicho chimachititsa kuti msonkho wodulidwa kalewo uchotsedwe pa umene munthu akuyenera kulipira pakutha pa chaka. Chikasowa, kutsimikiza kuti msonkhowo unadulidwa kale kumasanduka ulendo wa m'maofesi.

Maenvulopu omwewa amagwiranso ntchito tsiku lokapempha ngongole. Wobwereketsa, kaya ndi banki kaya bungwe la ngongole zing'onozing'ono, amafuna kuona ngati bizinesi ikuyenda mwezi ndi mwezi. Malisiti a miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana amaonetsa kuti munthu amaoda kangati, wochuluka bwanji, ndi miyezi imene malonda amazilala. Zimenezo pakamwa pokha sizimveka.

Pamsika pakhale mapepala a mwezi uno ndi a mwezi watha okha. Misika imapsa, madenga amadontha, ndipo amalonda a ku Blantyre sanaiwale zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023. Maenvulopu akale apite kunyumba, pamalo okwera, kutali ndi chiswe ndi makoswe, atakulungidwa m'jumbo yolimba. Zithunzi za mapepala ofunika kwambiri zitumizidwe pa WhatsApp kwa wachibale wodalirika, kuti foni ikasowa zisapite nayo.

Kutaya nakonso kuli ndi nthawi yake. Matikiti a msika a chaka chatha, ngati palibe mkangano ndi khonsolo, angathe kukolezera mbaula. Mapepala a msonkho ndi a pachipata malamulo amafuna kuti asungidwe kwa zaka zingapo, kotero katoni yawo isakhudzidwe mwini wake asanafunse ku ofesi ya MRA. Pepala losonyeza kuti ngongole inatha kubwezedwa, kaya ya kubanki kaya ya banki m'khonde, lichotsedwe mu envulopu n'kukaikidwa pamodzi ndi zikalata za malo.