Zofunika kudziwa posankha sutukesi ya mawilo anai

Pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda mu Lusaka, masiku ano nkosowa kuona munthu atasenza sutukesi paphewa. Ambiri amangoikankha pambali pao itaimirira pa mawilo anai amene amazungulira mbali zonse. Masutukesi amenewa, amene ogulitsa amawacha kuti spinner, adzaza m'masitolo ndi m'misika ya m'dziko muno. Koma munthu amene wilo linamuthyokera pakati pa ulendo adziwa kuti kukongola kwa sutukesi sindiko kulimba kwake. Conco ndi bwino kudziwa zoyenera kuyang'ana musanatulutse ndalama zanu.

Kuika mawilo ku sutukesi si cinthu cakale kwambiri. M'caka ca 1972, Bernard Sadow wa ku America analandira cikalata ca boma coteteza luso lake la sutukesi ya mawilo yokokedwa ndi lamba. Mu 1987, woyendetsa ndeke wina wochedwa Robert Plath anapanga sutukesi yoimirira ya mawilo awiri, yokhala ndi cogwirira cimene cimatalika ndi kufupika. Ya mawilo anai ozungulira inayamba kufala m'zaka za m'ma 2000.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi kuli pa kanyamulidwe ka katundu. Ya mawilo awiri imapendekeka poikoka, motero mbali ina ya kulemera imatsalira pa dzanja ndi paphewa. Ya mawilo anai imaimirira, ndipo kulemera konse kumakhala pa mawilo. Ici ndico cifukwa cake imathandiza kwambiri okalamba, odwala msana ndiponso amai oyenda ndi ana. Imadutsanso cam'mbali m'kanjira kopanikiza ka pakati pa mipando ya m'ndeke.

Komabe ubwino umenewu umaoneka pa malo osalala cabe. Mawilo ake ndi aang'ono ndipo amakhala kunja kwa sutukesi, pamene a sutukesi ya mawilo awiri amakhala aakulupo ndi olowa mkati. Pa miyala, pa mcenga ndi m'matope a nyengo ya mvula, mawilo aang'ono amakanirira ndipo amatha msanga. Pa malo otsetsereka, sutukesi yotere imatha kuyenda yokha mukaisiya.

Motero funso loyamba ndi lakuti, kodi maulendo anu ambiri ndi otani? Munthu wokwera basi pa Intercity kupita ku Petauke, Katete kapena Chipata adziwa kuti katundu amaikidwa kunsi kwa basi pamodzi ndi matumba a unga ndi makatoni olemera. Kumeneko wilo lotulukira kunja ndilo limayamba kuphwanyika. Akatsika, mwina afunikanso kuyenda mtunda m'mseu wa fumbi. Cimodzimodzi kwa amalonda okwera sitima ya TAZARA kucokera ku Kapiri Mposhi kupita ku Dar es Salaam. Kwa anthu otere, ya mawilo awiri kapena cola colimba ca nsalu ndico cingawatumikire nthawi yaitali. Ya mawilo anai iyenera maka-maka oyenda pa ndeke ndi m'mizinda.

Ngati mwasankha ya mawilo anai, yambani ndi kuona mawilowo. Mawilo okhala awiri-awiri pa ngodya iliyonse, kutanthauza asanu ndi atatu onse pamodzi, amagawana kulemera ndipo sagwedezeka kwambiri. Okutidwa ndi mphira wofewa amayenda mwakacetecete, pamene a pulasitiki youma amasokosa ndiponso amasweka msanga. Onaninso mmene anawamangira. Ngati anawamanga ndi masikuluwu, wilo likaonongeka mungagule lina n'kusintha. Ngati anawakhomera kotheratu, kukonza kumavuta. Musacite manyazi kuiyesa m'sitolo. Ikani cinthu colemera mkati, ikankheni, itembenuzeni. Ikamakhotera mbali imodzi, isiyeni.

Caciwiri ndi cimene anapangira thupi lake. Pulasitiki yochedwa ABS ndi yochipa, koma imang'aluka ikamenyedwa mwamphamvu. Ya polycarbonate ndi yokwera mtengo, koma imapindika pang'ono n'kubwerera m'malo mwake. Ya nsalu ya nayiloni imalola kupanikiza katundu, ngakhale kuti mvula imatha kulowa. Dziwaninso kuti ndeke zazing'ono zopita ku malo osungirako nyama zakuthengo kawiri-kawiri zimafuna zola zofewa, cifukwa malo oikamo katundu ndi ocepa.

Cacitatu ndi kukula ndi kulemera. Makampani ambiri a ndeke amalola makilogilamu 23 pa sutukesi imodzi yoikidwa kunsi kwa ndeke, ndipo mukaphatikiza kutalika, kutambalala ndi kucindikala kwake, siziyenera kupitirira masentimita 158. Pa katundu wolowa naye m'ndeke, bungwe la makampani a ndeke la IATA limachula muyeso wa masentimita 56, 45 ndi 25, koma kampani iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo ambiri amalola makilogilamu 7. Cimene ambiri amaiwala ndi cakuti poyesa amawerengera mawilo ndi zogwirira. Popeza mawilo a spinner ali kunja, amadya malo amene mukanaikamo zovala. Funsaninso kulemera kwake ilibe kanthu. Sutukesi yolemera makilogilamu 5 imakusiyirani 18 cabe, ndipo zopitirira mudzalipira ndalama zambiri pa bwalo la ndeke.

Musaiwale cogwirira ndi zipi. Kokani cogwirira mpaka pothera. Cikamagwedezeka kwambiri, dziwani kuti sicidzakhalitsa. Zipi ikhale ya mano aakulu, yoyenda mosakodwa pa ngodya, ndiponso yokhala ndi pokolowekera loko. Ndalama, mankhwala, pasipoti ndi mabatire osungira moto wa foni musaziike m'sutukesi yopita kunsi kwa ndeke. Mabatire amenewa malamulo a ndeke amafuna kuti mulowe nao m'ndeke.

Mukapeza kuti sutukesi yaphwanyika potsika ndeke, kanenani kwa anchito a kampaniyo musanatuluke pa bwalo, ndipo sungani kapepala ka katundu kamene anakupatsani. Pangano la Montreal la 1999, limene maiko ambiri amatsatira pa maulendo opita kunja, limapereka masiku 7 cabe olembera dandaulo lotere.

Sutukesi yabwino ndi imene igwirizana ndi miseu imene mumayendamo. Tengani nthawi, yesani mawilo, funsani muyeso, ndipo sungani lisiti. Kugula yochipa kawiri pa caka kumadya ndalama zambiri kuposa kugula imodzi yolimba.