Kutchena Mosawononga Chilengedwe: Zimene Tingaphunzire kwa Katunga

Munthu amene wafika kwa Katunga m'boma la Chikwawa pa tsiku la ukwati sangakane kuti ife a m'chigwa cha Shire timadziwa kutchena. Amayi amatuluka ndi zilundu zowala ndi maduku omanga mwaluso, abambo ndi malaya osita bwino, achinyamata nawo ndi masitayelo awo. Palibe cholakwika pamenepa, pakuti kudzisamala ndi ulemu kwa iwe mwini ndi kwa anzako. Komabe pali mafunso awiri amene sitidzifunsa kawirikawiri: kodi chovala tavalachi chachokera kuti, nanga chikatha chipita kuti?

Tiyeni tiyambe ndi mbiri yathu. Pamene David Livingstone adafika m'chigwa chino m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba okha nsalu yolimba yotchedwa machila. Patapita zaka, dooko la kwa Katunga lidasanduka malo amene sitima za pamtsinje wa Shire zinkatsitsira katundu wopita ku Blantyre, ndipo pakati pa katunduyo padali nsalu zochokera kunja. Pang'ono ndi pang'ono luso lowomba lidazilala. Thonje timalimabe mpaka lero, koma likagulidwa limachoka, ndipo ambiri a ife timavala zosokedwa kutali.

Zovala zambiri zimene timagula pa misika monga wa Dyeratu kapena wa Nchalo ndi za kaunjika. Kaunjika sitingamunyoze. Wabveka osauka, wadyetsa mabanja a ogulitsa, ndipo kuvala chimene wina adasiya n'kwabwino kusiyana ndi kuchitaya. Vuto lili pa mtundu wa nsalu ndi kuchuluka kwake. Zovala zambiri za masiku ano n'zopangidwa ndi polyester kapena nayiloni, ulusi wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, wachibale wa pulasitiki. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, nsalu yotereyi imasunga thukuta, pomwe ya thonje imalola mphepo kudutsa. Ikang'ambika tikaitaya, siwola msanga ngati thonje. Imakhala m'nthaka zaka zambirimbiri. Tikaitentha, utsi wake umawononga mpweya umene ana athu akupuma. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ife a kuno tikudziwa mtengo wa chilengedwe chowonongeka. Tidaona madzi osefukira m'chaka cha 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 amene adagumula damu la magetsi la Kapichira, ndi wa Freddy mu 2023. Sitikunena kuti malaya athu ndiwo adaitana anamondwewa. Koma madzi akatsika m'mapiri opanda mitengo, nakapeza ngalande ndi timilatho tatsekeka ndi sanza komanso majumbo, amalowa m'nyumba zathu. Ngakhale simbi imene timasitira imadya makala, ndipo makalawo ndi mitengo ya m'mapiri otizungulira. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, adachenjeza za khalidwe lomangogula n'kutaya, ndipo chenjezolo likutikhudza ngakhale ife amene tili ndi zochepa.

Nanga tichite bwanji kuti tioneke bwino popanda kuwononga? Choyamba, tigule zochepa koma zolimba. Malaya atatu otchipa amene asuluka pakatha miyezi iwiri amadya ndalama zambiri kuposa amodzi a thonje amene tivala zaka zitatu. Posankha pa mulu wa kaunjika, tigwire nsaluyo, tione msoko wake, tiwerenge kachikwangwani ka pakhosi.

Chachiwiri, tikumbukire telala wa pakhonde la golosale. Iye amasoka molingana ndi thupi lathu ndi kufuna kwathu, choncho chovalacho sichifanana ndi cha munthu wina aliyense. Sitayelo yeniyeni ndi imeneyo. Zipi ikafa, kolala ikatha kapena diresi likakula, telala yemweyo amakonza pa mtengo wochepa, ndipo ndalama imatsala m'mudzi mwathu. Chigamba chosokedwa mwaukhondo si chizindikiro cha umphawi ayi.

Chachitatu, tilingalirenso za chizolowezi chogula nsalu yatsopano pa mwambo uliwonse. Chinkhoswe yunifolomu yake, ukwati yake, phwando lolangiza mkwatibwi yakenso. Mabanja ena amalowa m'ngongole chifukwa choopa kuoneka otsalira, ndipo zovalazo zimavalidwa kamodzi n'kuiwalika m'sutikesi. Ankhoswe ndi makomiti a ukwati angathe kugwirizana za mtundu umodzi, monga wobiriwira kapena wachikasu, aliyense n'kuvala chimene ali nacho kale. Chithunzi chimakongolabe, ndipo wosauka sachita manyazi.

Chachinayi, tilemekeze chitenje. Chikasuluka timaberekera mwana, kenaka chimakhala nkhata, katani, pomaliza chokolopera. Amayi athu adadziwa kale kugwiritsa ntchito chinthu mpaka kutheratu. Momwemonso popita ku msika, dengu kapena chikwama cha mlaza cholukidwa kuno chimakongola m'manja kuposa jumbo, yomwe boma lidaletsa m'chaka cha 2015 pokhazikitsa lamulo lothana ndi mapulasitiki opyapyala. Pa nkhani yosita, tingasonkhanitse zovala za sabata yonse ndi kugwiritsa ntchito makala otsala pophika m'malo mosonkha moto wina.

Zonsezi sizifuna kuti tisiye kukongola. Zifuna kuti tisiye kuyeza munthu ndi kuchuluka kwa zovala zake. Mayi amene ali ndi zilundu ziwiri zochapa bwino, zoyanikidwa pamthunzi kuti zisasuluke, amatchena kuposa amene wadzaza sutikesi ndi zovala za ngongole. Makolo athu adawomba nsalu ndi thonje la m'munda mwawo, navala monyadira. Ife mwina sitibwerera ku machila, koma tisanagule chovala china tiyambe tatsegula sutikesi, tione chimene chingapite kwa telala, chimene tingapatse m'bale, ndi chimene tikusowadi.