Za Amalonda a Chilatino mu Mzinda wa San Francisco, ndi Amene Awathandiza

Abale athu a m'midzi, mwezi uno tifuna kukusimbirani za anthu a kutali, okhala tsidya lija la nyanja yaikuru, m'dziko la America. M'chigawo cha California muli mzinda waukuru dzina lache San Francisco, ndipo m'kati mwache muli dera lochedwa Mission, popeza pamenepo ansembe a chipani cha Fransisko Woyera adamangapo misioni chaka cha 1776. M'deramo mudadzala mabanja ochokera ku Mexico, ndiponso ena a ku El Salvador, Guatemala ndi Nicaragua, amene ambiri adathawa nkhondo za kwao m'zaka za m'ma 1980. Anthu amenewa alankhula Chisipanishi, ndipo onse pamodzi achedwa Alatino.

Chakudya chao chachikuru ndicho chimanga, monga ifenso. Pakuti chimanga chimene tilima m'minda mwathu chidayambira ku Mexico komweko. Amai ao aphika tamales, ndiyo phala lolimba la chimanga lokulunga m'makoko kapena m'masamba a nthochi, nalipsetsa ndi nthunzi. A ku El Salvador aphika pupusa, ndiyo mikate yaphanthiphanthi yoika nyemba kapena nyama m'kati. Mai wofika kumene mu mzinda, wosadziwa Chingerezi, kawirikawiri ayamba kudyetsa ana ache pakugulitsa zimenezi pa khomo pache kapena m'mbali mwa mseu.

Tsono malonda otere akomana ndi zipupa ziwiri. Choyamba ndi lamulo la boma: wofuna kugulitsa chakudya chambiri kwa anthu ayenera kuchiphikira m'khichini yoyesedwa ndi akuru a zaumoyo, ndipo kumanga khichini yotere kufuna ndalama zimene waumphawi sangazione. Chachiwiri ndi mbiri ya ngongole. Ku America kuli makampani atatu, Experian, Equifax ndi TransUnion, amene alemba za munthu yense wokongola ku banki, ngati abweza pa nthawi yache kapena iai, ndipo mwa zolembazo munthu apatsidwa nambala ya pakati pa 300 ndi 850. Wopanda nambalayo, ngakhale akhale wokhulupirika chotani, banki imkaniza ngongole, mwini nyumba amkaikira, ndipo atsala m'manja mwa akatapila, amene chiongola dzanja chao chimeza phindu lonse.

Koma anthuwo sadakhale chabe manja lende. Kuyambira kale ali nao mwambo wochedwa tanda, umene ife tiuti chipereganyu, abale a ku Zambia nauti chilimba. Anthu khumi akapangana kusonkha madola 100 yense mwezi ndi mwezi, mmodzi atenga madola 1,000 mwezi uno, wina mwezi wa mawa, kufikira onse atalandira. Anthu ambiri adasunga pangano lotere zaka ndi zaka osaphonya, koma pamaso pa banki anali ngati sadakongolepo kanthu chibadwire, popeza kudalibe mboni yolembedwa.

Amene adaona ichi bwino ndiye José Quiñonez, wobadwira ku Mexico, amene adafika ku America ali mwana. Chaka cha 2007 adayamba kutsogolera bungwe lochedwa Mission Asset Fund. Bungwelo silidathetse tanda, kapena kuuza anthu kuti mwambo wa makolo ao ngwachabe. Lidangoonjezapo kalata ya pangano imene yense asainira, nilitumiza mbiri ya zosonkha zao ku makampani atatu aja mwezi ndi mwezi. Chiongola dzanja palibe. Motero mai amene kale anali wosaoneka, pakutha miyezi yowerengeka akhala nayo nambala yache, nakhoza kupempha ngongole ya ng'anjo kapena galimoto ya malonda. Chaka cha 2014 boma la California lidakhazika lamulo lobvomereza ngongole zotere zopanda chiongola dzanja, ndipo chaka cha 2016 Quiñonez adalandira mphoto ya MacArthur chifukwa cha nchito imeneyi.

Chipupa cha khichini nacho chidapeza ochiboola. Chaka cha 2005 m'dera lomwelo mudatsegulidwa nyumba yochedwa La Cocina, ndiko kunena khichini m'Chisipanishi. M'menemo muli mbaula, miphika ndi zoziziritsira chakudya zobvomerezeka ndi boma, ndipo amai abwereka malowo pa mtengo wochepa, kulipira maora okha amene aphika. Kuphika adziwa kale amaiwo. Chimene alangizi a pamenepo awaphunzitsa ndicho kupempha chilolezo cha boma, kuwerenga mtengo wa ufa, mafuta, moto ndi thukuta lao lomwe asanaike mtengo wa mbale imodzi, kulemba zolowa ndi zoturuka m'buku, ndi kufuna misika. Mai wina wa ku Mexico City, amene adayamba kugulitsira m'chipinda chache, adapyola m'nyumbayo, nagulitsa pa msika wa alimi zaka zingapo, ndipo chaka cha 2012 adatsegula nyumba yache yodyeramo ku Larkspur, kumpoto kwa mzinda.

Musayese kuti zonse zidayenda mosalala. Makampani a makompyuta atachuruka ku San Francisco, mtengo wa nyumba udakwera kwambiri, ndipo mabanja ambiri a Chilatino adasamuka m'dera la Mission, sitolo zao zina nizitsekedwa. Bungwe lina la m'deramo, Mission Economic Development Agency, loyambika chaka cha 1973, lidayamba kugula nyumba kuti okhalamo asapitikitsidwe. La Cocina nayo idatsegula msika wache wa chakudya m'dera la Tenderloin chaka cha 2021, mliri wa Covid uli m'kati, koma ogula adachepa, ndipo chaka cha 2023 msikawo udaleka kulandira anthu odzadya tsiku ndi tsiku. Mlangizi akhoza kutsegula khomo, koma sangathe kubweretsa ogula kapena kutsitsa mtengo wa nyumba.

Chimene tiona m'nkhaniyi ndi ichi: akatswiri amene adathandiza koposa ndiwo amene adayamba afunsa chimene anthu ali nacho kale. Adapeza luso la manja ndi kusunga mau, naonjezapo zosowa ziwiri zokha, malo obvomerezeka ndi mboni yolembedwa. Inunso amene muli m'chipereganyu pa mudzi panu, musapeputse kabuku kolembamo maina, masiku ndi ndalama zosonkhedwa. Kasungeni pouma, ndipo yense aikepo dzina kapena chala chache. Pakuti tsiku likhoza kufika lakuti mlendo wosakudziwani adzafunsa ngati muli okhulupirika, ndipo kabukuko kadzakuyankhirani.