OILO WAKUDA WA M'MABOTI A PA LUANGWA: KODI AMATAYIDWA KUTI?

Mvula ikakhazikika m'cigwa ca Luangwa, kuyambila mu Disembala kufikila mu Malici, misewu yambili ya m'boma la Mambwe imaduka. Lupande ndi timitsinje tina timasefukila, dothi lakuda la m'madambo limagwila magalimoto, ndipo Luangwa, amene m'cilimwe amangotsala mchenga ndi maiwe a mvuu, amadzala kufikila m'magombe. Imeneyi ndiyo nyengo ya maboti a injini. Amanyamula alendo odzaona nyama m'nkhalango ya South Luangwa, amaolotsa anchito ndi katundu, ndipo pa cigumula cacikulu monga ca mu 2007, cimene cinamiza malo ambili ku Mfuwe, boti ndilo limafikila anthu otsekeledwa ndi madzi.

Koma injini yogwila nchito yotele imasiya zinthu ziwili zimene ambili saziikila nzelu, ndizo oilo wakuda ndi fyuluta yakale, kaja kacitini kosefa oilo. Zinthu zimenezi zimatuluka m'injini m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje umene anthu a kwa Kakumbi, kwa Nsefu ndi kwa Malama amaphamo nsomba ndi kutungamo madzi.

INJINI SIZIFANANA

Mwini boti ayenela kudziwa coyamba mtundu wa injini yake. Injini zina zomangilila kumbuyo kwa boti zimamwa petulo wosakaniza ndi oilo. Zimenezi zilibe oilo wosintha m'mutu mwake, pakuti amapsela pamodzi ndi petulo, ndipo wina amatulukila m'madzi pamodzi ndi utsi. Cofunika pa izo ndi kusakaniza pa muyeso wolembedwa m'buku la injiniyo, umene kawilikawili umakhala gawo 1 la oilo pa magawo 50 a petulo. Kuculukitsa oilo poganiza kuti injini ikhalitsa ndi kungodetsa mapulagi ndi madzi.

Injini za mtundu waciwili zili ndi cosungila oilo caocao, monga za galimoto, ndipo ndizo zofunika kusinthidwa oilo. Opanga injini zimenezi ambili amalangiza kuti yatsopano isinthidwe ikagwila nchito maola 20, ndipo pambuyo pake pa maola 100 alionse, kapena kamodzi pa caka ngati maolawo sanakwane. Boti lilibe cowelengela mitunda monga galimoto, motelo kabuku kolembamo maola a ulendo uliwonse ndi kothandiza kwambili. Fungo kapena maonekedwe a oilo sizokwanila kudziwila nthawi yake.

Mitundu yonse iwili ili ndi oilo winanso wa magiya, kumunsi pafupi ndi copalasila madzi. Akatuluka woyela ngati mkaka, ndiye kuti madzi alowa. Kawilikawili colakwa cimakhala ulusi wa ukonde kapena wa mbedza umene unakulunga pa mtengo wa copalasila ndi kudula labala yotseka. Pa mtsinje wa asodzi ambili, ngozi imeneyi siisowa.

KASINTHIDWE KAKE

Nchito imayamba ndi kuliza injini kwa mphindi zocepa, ili m'madzi kapena m'mgolo wa madzi kuti isapse. Oilo wofunda amayenda msanga ndipo amatuluka ndi zonyansa zonse zimene zikanatsalila pansi. Pamenepo boti likokeledwe kumtunda, kapena injini imasulidwe ndi kuimikidwa pa thabwa patali ndi gombe, pansi atayala pulasitiki yolimba. Kumasula bauti yotulutsila oilo injini ili lende pamwamba pa madzi ndi cizolowezi coipa, ngakhale makaniko akhale waluso cotani, cifukwa funde limodzi la boti lina likhoza kugubuduza beseni.

Pali nzelu ina yocokela kwa eni maboti a matanga. Maboti amenewa pa Luangwa palibe, koma amapezeka pa Nyanja ya Kariba, pa Nyanja ya Malawi ndi pa nyanja zamcele. Ambili a iwo ali ndi kainjini ka dizilo kothandizila mphepo ikaleka, ndipo kamakhala pansi m'mimba mwa boti, pamalo opanikiza pamene beseni silingalowe. Cifukwa ca ici eni ake amalowetsa kapaipi kowonda pa ciboo ca kamtengo kopimila oilo, napopa oiloyo ndi pampu ya pamanja kulowa m'cigubu cotseka. Njila yomweyo imatheka pa injini zambili za pa mtsinje, ndipo imathandiza pamene boti silingatulutsidwe m'madzi.

Oilo akatha kutuluka, fyuluta imamasulidwa itavekedwa kathumba ka pulasitiki kuti wodontha agwele m'menemo. Labala ya fyuluta yatsopano ipakidwe oilo pang'ono ndi cala, ndipo imangidwe ndi dzanja cabe, osati ndi sipanala. Ndi bwino kuona kuti labala yakale sinakakamile pa injini, pakuti malabala awili akasanjikizana oilo yense amatayika injini ikangolila. Oilo watsopano athilidwe pa mlingo wake, injini ilizidwe pang'ono, ndipo ikazima apimenso.

FYULUTA SIKHALA YOUMA

Apa ndi pamene ambili amalakwa. Fyuluta yocotsedwa imaoneka ngati kacitini kopanda kanthu, koma pepala la mkati mwake limasunga oilo, ndipo ili ndi kotsekela kamene kamaletsa oiloyo kutuluka yekha. Yaikulu, monga ya thalakitala, ikhoza kusunga wodzala kapu. Ikaponyedwa pa dzala kapena pa thengo, dzimbili limaiboola pang'onopang'ono, ndipo oilo amalowa m'nthaka miyezi yambili mwini wake ataiwala kale. Ana nawo amaitola ndi kupangila mawilo a tumagalimoto twao.

Njila yoyenela ndi kuiboola pamsana ndi msomali waukulu ikali yofunda, ndi kuizondotsa pa cigubu ca oilo wakale kwa maola 12 kapena usiku wonse. Ikauma isungidwe m'cidebe covundikila. Cikopa cake ndi citsulo, ndipo ogula zitsulo zakale akhoza kucilandila cikakhala cosadontha. Kuiponya pa moto kuti ipse sikuthandiza, cifukwa utsi wake ndi woipa ku mapapo ndipo phulusa limatsala ndi poizoni yemweyo.

Oilo wogwila kale nchito ndi woipa kuposa watsopano. Amakhala ndi tizidutswa twa zitsulo zopelepeseka m'injini, mwaye ndi zotsala za mafuta opsa, zimene akatswili anapeza kuti zikhoza kuyambitsa khansa ya pakhungu ngati munthu azigwila kawilikawili osasamba. Pa madzi amayala kansalu kopyapyala kamene kamatseka mpweya, ndipo akatswili a za madzi amati lita 1 ikhoza kuononga malita 1 miliyoni a madzi akumwa. M'maiwe otsala Luangwa akaphwa, m'mene madzi sayenda, kuonongako kumakhalitsa.

Coopsa cina cili m'mitsinje youma. Mu Seputembala ndi Okutobala munthu amaona mchenga wokhawokha, naganiza kuti ndi malo abwino okhuthulilapo beseni. Koma pansi pa mchengawo madzi amayendabe, ndipo kumunsi kwake amai amafukula tizitsime totungamo madzi a pakhomo. Mchenga umasefa matope, koma oilo suumugwila.

Palinso zizolowezi zimene zinakhazikika m'midzi: kupaka oilo wakuda pa zilonda za agalu ndi mbuzi, kumuthila m'cimbudzi kuti fungo lileke, kumuwaza pabwalo kuti fumbi ligone, ndi kupaka nsici za nyumba ndi nkhokwe poopa ciswe. Ca nsici anthu amacikonda cifukwa ciswe ca m'cigwa n'cosakaza ndithu, koma mvula imatsukila oiloyo pansi, ndipo pa nkhokwe ya cimanga safunika konse. Ciweto codwala nthenda ya pakhungu cifunika mankhwala a kwa alangizi a ziweto. Cigubu cimene munali oilo cisatungilidwenso madzi, ngakhale citsukidwe ndi sopo kangati.

LAMULO LIKUTI CIANI

Lamulo losamalila cilengedwe la mu 2011 linakhazikitsa bungwe la Zambia Environmental Management Agency, lodziwika kuti ZEMA, limene linalowa m'malo mwa Environmental Council of Zambia. Pa malamulo a bungweli, oilo wakale ali m'gulu la zinyalala zoopsa, ndipo ocita malonda omusonkhanitsa ndi kumunyamula ayenela kukhala ndi laisensi. Oilo wosonkhanitsidwa bwino amayengedwanso kapena amasonkhezela ng'anjo za m'mafakitale, koma akasakanizidwa ndi madzi, petulo kapena mankhwala a thonje, nchito yake imaonongeka. Motelo asungidwe yekha m'cigubu cotseka, colembedwa, pamthunzi, pamalo okwela amene cigumula sicifika.

Bvuto la Mambwe ndi mtunda. Kucokela ku Mfuwe kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 100, ndipo palibe amene angayende ulendo wotele cifukwa ca malita atatu. Koma si maboti okha amene amatulutsa oilo wotele. Zigayo, njinga zamoto, mathalakitala ndi mapampu a m'madimba zonse zimamutulutsa, ndipo eni ake a m'dela limodzi akagwilizana, mgolo umodzi wa malita 200 umadzala. Acipatala oyang'anila ukhondo ndi a khonsolo ndiwo oyenela kufunsidwa za kumene mgolo wotele ungapelekedwe. Misewu ikauma mu Meyi, galimoto yopita ku Chipata kukatenga katundu ikhoza kuunyamula pamodzi ndi cidebe ca mafyuluta.